Misonkho ya alendo ndi ntchito yokuza mabwalo a ndege m'mayiko a pazilumba

Misonkho ya alendo ndi ndalama zimene boma limatolera kwa anthu odzacheza m'dziko. Ndalamazi zimatoleredwa pa tikiti ya ndege, pa tsiku lililonse limene mlendo wagona kuhotela, kapena polowa m'malo otetezedwa. M'mayiko ang'onoang'ono a pazilumba, monga Maldives, Palau, Seychelles ndi Barbados, misonkho imeneyi ndi njira yaikulu yopezera ndalama zakunja. Gawo lina la ndalamazo limapita ku ntchito yomanga kapena kukuza mabwalo a ndege, ndiponso kubweza ngongole zimene boma linatenga pa ntchitoyo.

Cholinga cha njira imeneyi n'chakuti mtengo wa bwalo ugwere alendo, osati nzika za pachilumba zomwe ndi zochepa. Vuto lake ndi lakuti ngongole imayenera kubwezedwa chaka chilichonse, pomwe chiwerengero cha alendo chimakwera ndi kutsika. Alendo akachepa chifukwa cha mliri, namondwe kapena mavuto a zachuma kwawo, ngongoleyo imatsalira boma ndi anthu ake.

Kufunika kwa bwalo la ndege pachilumba

Pamsonkhano wa bungwe la United Nations wokambirana za chilengedwe ndi chitukuko umene unachitikira ku Rio de Janeiro mu 1992, mayiko ang'onoang'ono a pazilumba anazindikiridwa kuti ali ndi mavuto awoawo. Ambiri mwa mayikowa ali kutali ndi misika ikuluikulu, ali ndi malo ochepa, ndipo amagula kunja chakudya, mafuta ndi zipangizo zomangira. Kwa ambiri, ntchito yokopa alendo ndiyo imabweretsa ndalama zogulira zinthuzi.

Mlendo amafika pachilumba pa ndege kapena pa sitima yapamadzi. Obwera pa sitima zikuluzikulu zoyendera malo nthawi zambiri amakhala maola ochepa chabe, ndipo amagona ndi kudya m'sitima momwemo. Obwera pa ndege amagona masiku angapo, choncho amasiya ndalama zambiri. N'chifukwa chake maboma amaika mtima pa bwalo la ndege. Ndege zikuluzikulu zochokera ku Ulaya, ku North America kapena ku Asia zimafuna msewu wautali wothamangapo ponyamuka ndi potera. Msewuwo ukakhala waufupi, alendo amayenera kutsikira kaye dziko lina n'kukwera ndege yaing'ono, zomwe zimakweza mtengo wa ulendo ndi kuutalikitsa.

Kumanga bwalo pachilumba kumadya ndalama zambiri kuposa kumtunda. Malo athyathyathya ndi osowa, moti omanga amakwirira nyanja ndi mchenga kapena kugumula mapiri. Simenti, zitsulo ndi makina zimabwera pa sitima. Komanso anthu okhoma misonkho ndi ochepa: Maldives ili ndi anthu pafupifupi theka la miliyoni, pomwe Palau ili ndi anthu osakwana 20,000.

Mitundu ya misonkho ndi malipiro

Msonkho wotulukira m'dziko umalipiridwa ndi munthu aliyense wonyamuka pa ndege kupita kunja. Kale unkalipiridwa pamanja pabwalo pomwepo, koma masiku ano mayiko ambiri amauphatikiza pa mtengo wa tikiti, ndipo makampani a ndege ndiwo amatolera n'kupereka ku boma.

Malipiro otukulira bwalo amaikidwanso pa tikiti, koma lamulo limanena kuti ndi a ntchito yomanga kapena yobweza ngongole ya bwalolo.

Msonkho wa pogona umawerengedwa pa munthu aliyense pa usiku uliwonse, kapena pa chipinda. Dziko la Seychelles linayamba kutolera msonkho wotere mu Ogasiti 2023 pofuna kusamalira chilengedwe, ndipo mtengo wake unkasiyana malinga ndi kukula kwa hotela.

Msonkho wa pamalonda a zokopa alendo ndi gawo la mtengo wa chipinda, chakudya ndi maulendo amene mlendo wagula. Ndalama zake nthawi zambiri zimalowa m'thumba lalikulu la boma.

Msonkho wa chilengedwe umatoleredwa polowa m'dziko kapena m'malo otetezedwa. Ku zilumba za Galápagos, zomwe ndi mbali ya dziko la Ecuador, ndalama yolowera ya mlendo wamkulu wochokera kunja inakwera kuchoka pa madola 100 a ku America kufika pa madola 200 mu Ogasiti 2024. Ku chilumba cha Bali ku Indonesia, alendo akunja anayamba kulipira ma rupiah 150,000 mu Febuluwale 2024.

Malamulo a pakati pa mayiko

Pangano la za maulendo a pandege limene linasainidwa ku Chicago mu 1944 limati dziko lisalipiritse ndege zakunja ndalama zoposa zimene limalipiritsa ndege zake zoyenda maulendo ofanana a pakati pa mayiko. Bungwe la ICAO, limene linakhazikitsidwa kudzera m'panganoli, limasiyanitsa malipiro ndi msonkho. Malipiro ndi ndalama zobwezera mtengo wa ntchito imene bwalo limagwirira ndege ndi apaulendo. Msonkho ndi ndalama zopita ku boma, zomwe zingagwiritsidwe ntchito pa zinthu zina zosakhudza ndege.

ICAO imalangiza kuti malipiro azigwirizana ndi mtengo weniweni wa ntchito, asamakondere, azilongosoledwa poyera, ndiponso kuti makampani a ndege azifunsidwa maganizo malipiro asanakwezedwe. Kutolera ndalama za nyumba kapena msewu umene sunamangidwe kumaloledwa pokhapokha pali chitetezo chokwanira choti ndalamazo zisapite kwina. Bungwe la makampani a ndege la IATA limatsutsa mchitidwe wotolereratu, ponena kuti wokwera ndege wa lero amalipirira chinthu chimene mwina sadzachigwiritsa ntchito.

Kusiyana kwa msonkho ndi malipiro kuli ndi tanthauzo pa malamulo a dziko. M'mayiko ambiri msonkho sungakhazikitsidwe popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo, ndipo mfundo imeneyi ndiyo inagwetsa mgwirizano waukulu wa bwalo la ndege ku Maldives.

Njira zopezera ndalama zomangira

Misonkho imalowa pang'onopang'ono, koma womanga amafuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Choncho maboma amatsata imodzi mwa njira zinayi, kapena kuziphatikiza.

Njira yoyamba ndi yakuti boma libwereke ku banki yakunja kapena ku dziko lina. Nyumba yatsopano ya apaulendo ya pabwalo la V. C. Bird ku Antigua, yotsegulidwa mu 2015, ndi ya pabwalo la Sir Seewoosagur Ramgoolam ku Mauritius, yotsegulidwa mu 2013, zinamangidwa ndi ngongole zochokera ku Export-Import Bank of China.

Njira yachiwiri ndi yakuti kampani ya boma yoyendetsa bwalo ibwereke yokha, n'kuika malipiro a apaulendo ngati chikole. Umu ndi mmene linakuzidwira bwalo la Lynden Pindling ku Nassau, m'dziko la Bahamas. Ntchitoyo inatha mu 2013 ndipo inadya madola pafupifupi 410 miliyoni.

Njira yachitatu ndi yobwereketsa bwalo kwa kampani yoyima payokha kwa zaka 20 kapena 30. Kampaniyo imamanga ndi ndalama zake kapena zobwereka, n'kumatolera malipiro a pabwalopo mpaka nthawi ya mgwirizano itatha.

Njira yachinayi ndi thandizo losabweza lochokera ku dziko lina, lomwe limapezeka kawirikawiri m'zilumba zolamulidwa ndi mayiko akuluakulu.

Maldives

Maldives ndi dziko la zilumba pafupifupi 1,200 m'nyanja ya Indian Ocean. Alendo ambiri amalowera pabwalo la Velana, lomwe lili pachilumba cha Hulhulé pafupi ndi likulu la dzikolo, Malé, ndipo kuchoka apo amapita kumahotela pa maboti kapena pa ndege zotera pamadzi.

Mu 2010, boma la Pulezidenti Mohamed Nasheed linabwereketsa bwaloli kwa zaka 25 kwa kampani ya ku India ya GMR mogwirizana ndi Malaysia Airports. Mgwirizanowo unkalola kampaniyo kutolera madola 25 kwa munthu aliyense wonyamuka kupita kunja, kuti imangire nyumba yatsopano ya apaulendo. Mu Disembala 2011, khoti la ku Malé linagamula kuti ndalamayo inali msonkho umene nyumba ya malamulo sinavomereze, choncho siyenera kutoleredwa. Zitatero, kampaniyo inayamba kuchotsera ndalamayo pa zimene inkayenera kupereka ku boma, moti phindu limene boma linkayembekezera linasanduka ngongole. Nasheed anachoka paudindo mu Febuluwale 2012, ndipo mu Novembala chaka chomwecho boma latsopano linathetsa mgwirizanowo. Nkhaniyo inapita kwa oweruza mikangano ya zamalonda ku Singapore, omwe mu 2016 analamula kuti GMR ipatsidwe chipukutamisozi cha madola pafupifupi 270 miliyoni.

Pambuyo pake boma linasankha njira ya ngongole. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la misonkho ndi malipiro a pamabwalo a ndege, ndipo mu 2017 apaulendo akunja anayamba kulipira madola 25 otukulira bwalo, ndalama yofanana ndi imene khoti linakana kale. Ndalamazi zinkaikidwa m'thumba lapadera lotchedwa Sovereign Development Fund, lomwe linakhazikitsidwa kuti lizithandiza kubweza ngongole za ntchito zikuluzikulu za boma. Msewu watsopano wa ndege wotalika mamita 3,400 unamangidwa ndi kampani ya Beijing Urban Construction Group pamalo okwiriridwa m'nyanja, ndi ngongole ya ku China, ndipo unayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2022. Nyumba yatsopano ya apaulendo, yotha kulandira anthu 7.5 miliyoni pachaka, inamangidwa ndi ngongole zochokera makamaka ku mabungwe a chitukuko a mayiko a Aluya, ndipo inatsegulidwa mu Julayi 2025.

Pa nthawi yonseyi misonkho inkakwera. Msonkho wa pamalonda a zokopa alendo unayamba mu 2011 uli 3.5 peresenti, unafika pa 12 peresenti mu 2014, pa 16 peresenti mu 2023, ndi pa 17 peresenti mu Julayi 2025. Msonkho wa chilengedwe wotchedwa Green Tax unayamba mu 2015 uli madola 6 pa munthu pa tsiku, ndipo mu Januwale 2025 unafika pa madola 12 m'mahotela akuluakulu ndi madola 6 m'nyumba zing'onozing'ono zogona alendo. Kuyambira mu Disembala 2024, mlendo wonyamukira ku Velana m'kalasi wamba amalipira madola 50 a msonkho wotulukira ndi madola enanso 50 otukulira bwalo. Pa msonkho uliwonse mwa iwiriyi, wa m'kalasi ya bizinesi amalipira madola 120, wa m'kalasi yoyamba madola 240, ndipo wa pa ndege yakeyake madola 480. Nzika ya Maldives ya m'kalasi wamba imalipira madola 12. Motero mlendo wogona masiku 7 m'hotela yaikulu n'kubwerera m'kalasi wamba amalipira madola 184 pa misonkho itatuyi, osawerengera 17 peresenti ya pa chipinda ndi chakudya.

Mliri wa COVID-19 unasonyeza kuopsa kodalira alendo okha. Dzikoli linatseka malire mu Malichi 2020 n'kutsegulanso mu Julayi. Alendo anatsika kuchoka pa 1.7 miliyoni mu 2019 kufika pa osakwana 600,000 mu 2020, ndipo chuma cha dziko chinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Alendo anabwereranso n'kupitirira 2 miliyoni mu 2024, koma ngongole ya boma inali itakula kwambiri, ndipo kufunika kwa ndalama zakunja zobwezera ngongole n'chimodzi mwa zifukwa zimene misonkho inakwezedwera.

Zitsanzo zina

Bermuda ndi chilumba cha m'nyanja ya Atlantic chomwe chili pansi pa Britain. Mu 2017 boma lake linapereka bwalo la L. F. Wade kwa zaka 30 kwa kampani ya Skyport, yomwe inakhazikitsidwa ndi kampani yomanga ya ku Canada ya Aecon. Anthu ambiri anatsutsa mgwirizanowu, ndipo mu Disembala 2016 ochita zionetsero anatsekereza aphungu kulowa m'nyumba ya malamulo. Mumgwirizanowo boma linalonjeza kuti ndalama za pabwalo zikachepera pa mlingo wina, lidzawonjezera zotsalazo. Nyumba yatsopano inatsegulidwa mu Disembala 2020, mliri uli pakati, ndipo boma linalipira kampaniyo madola mamiliyoni ambiri potsatira lonjezo lija.

Palau, m'nyanja ya Pacific, inayamba mu Januwale 2018 kulipiritsa mlendo aliyense madola 100 kudzera pa tikiti ya ndege. Lamulo limagawa ndalamayi: ina imapita ku malo otetezedwa, ina ku zigawo za dzikolo, ina ku ntchito yoteteza nsomba, ndipo ina ku bwalo la ndege. Nyumba yatsopano ya apaulendo inatsegulidwa mu 2022, ndipo inamangidwa mogwirizana ndi makampani a ku Japan a Sojitz ndi Japan Airport Terminal, mothandizidwa ndi ngongole ya bungwe la JICA.

Saint Vincent and the Grenadines, ku Caribbean, inalibe bwalo lotha kulandira ndege zikuluzikulu mpaka pamene bwalo la Argyle linatsegulidwa pa 14 Febuluwale 2017. Ntchito inayamba mu 2008 m'boma la Ralph Gonsalves, ndipo inachedwa zaka zingapo. Omanga anagumula mapiri, kukwirira zigwa, ndi kusamutsa nyumba, tchalitchi ndi manda. Popeza alendo obwera pa ndege anali ochepa, misonkho yawo sikanakwanira, choncho boma linadalira ngongole, kugulitsa malo a boma, ndi thandizo la mayiko monga Cuba, Venezuela ndi Taiwan.

Saint Helena, chilumba cha Britain chakumwera kwa Atlantic chokhala ndi anthu osakwana 5,000, chinkafikidwa pa sitima yokha, ulendo wa masiku asanu kuchokera ku Cape Town. Boma la Britain linalipira mapaundi pafupifupi 285 miliyoni kuti bwalo limangidwe, poganiza kuti alendo adzathandiza chilumbachi kudziimira pachokha. Mu 2016 zinadziwika kuti mphepo ya pamalopo imasintha mwadzidzidzi mphamvu ndi kolowera, zomwe zimavutitsa ndege zikuluzikulu potera. Maulendo okhazikika anayamba mu Okutobala 2017 ndi ndege yocheperapo ya kampani ya Airlink yochokera ku Johannesburg.

Sint Maarten, ku Caribbean, inaona bwalo lake la Princess Juliana likuwonongedwa ndi namondwe wa Irma mu Seputembala 2017. Kukonzanso nyumba ya apaulendo kunadalira ndalama za dziko la Netherlands zoyendetsedwa ndi World Bank ndi ngongole ya European Investment Bank, ndipo ntchitoyo inatha mu 2024.

Mtsutso wa misonkhoyi

Ogwirizana ndi misonkho ya alendo amati n'chilungamo kuti wogwiritsa ntchito bwalo, madzi, magetsi ndi misewu alipireko. M'zilumba zambiri alendo a pachaka amachuluka kuposa nzika. Ku Maldives amaposa nzika katatu kapena kanayi. Misonkhoyi ndi yosavuta kutolera chifukwa anthu amatulukira pakhomo limodzi, imalipiridwa m'ndalama zakunja, ndipo kuikweza sikudzetsa mkwiyo pa chisankho popeza alendo savota. Mahotela akuluakulu ambiri ndi a makampani akunja ndipo gawo la phindu lawo limatuluka m'dziko, choncho msonkho ndi njira imodzi yosungira ndalama zina pachilumba.

Otsutsa, makamaka makampani a ndege ndi eni mahotela, amati msonkho umakweza mtengo wa ulendo, ndipo mlendo wofuna gombe ndi dzuwa akhoza kusankha chilumba china. Kukula kwa vutoli kumasiyana. Kumene mlendo amalipira madola zikwi zingapo pa sabata, madola 100 owonjezera sasintha maganizo ake kwenikweni, koma kumene kumapita anthu a ndalama zochepa, kukwera komweko kumamveka.

Msonkho wa pa tikiti sugwera alendo okha. Nzika zopita kuchipatala, kusukulu kapena kukachita malonda kuchilumba choyandikana nazonso zimalipira, ndipo pa ulendo waufupi msonkho umakhala gawo lalikulu la mtengo wa tikiti. Ku Caribbean nkhaniyi inkatchulidwa kawirikawiri pokamba za mavuto a LIAT, kampani ya ndege imene inkalumikiza zilumba za kum'mawa kwa chigawochi, yomwe inalowa m'mavuto aakulu a zachuma mu 2020 n'kusiya kuuluka mu Januwale 2024. Mayiko ena amachepetsa vutoli poika mitengo yosiyana. Pamene Barbados inakhazikitsa msonkho watsopano wa pa tikiti mu Okutobala 2018, ili pa mavuto a ngongole, inaika madola 70 pa maulendo opita kutali ndi madola 35 pa maulendo a m'mayiko a CARICOM.

Nkhani ina ndi ya kumene ndalama zimapita. Msonkho ukhoza kutchulidwa dzina la bwalo kapena la chilengedwe, koma ngati ndalama zake zimalowa m'thumba lalikulu la boma, zikhoza kulipirira zinthu zina. N'chifukwa chake obwereketsa ndalama nthawi zambiri amafuna kuti malipiro a apaulendo azisungidwa ku akaunti yapadera, ndiponso kuti ziwerengero zake zizifufuzidwa ndi kulengezedwa.

Chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo

Bwalo lalikulu limabweza ngongole yake pokhapokha alendo akachuluka, koma alendo ochuluka amafuna madzi ambiri, magetsi ambiri, ndi malo otayira zinyalala. Ku Maldives, chilumba cha Thilafushi chinapangidwa mu 1992 pokwirira dziwe la m'nyanja ndi zinyalala za ku Malé, ndipo chimalandiranso zinyalala za m'mahotela. Kukumba mchenga wokwirira nyanja kumawononga matanthwe a pansi pa madzi momwe nsomba zimaswanirana, omwenso ndi amene alendo ambiri amabwera kudzaona. Motero boma limodzi likhoza kumatolera msonkho wotetezera chilengedwe kwa mlendo yemweyo amene likumulipiritsa ndalama zokuzira bwalo.

Mabwalo ambiri a pazilumba ali m'mphepete mwa nyanja, pamalo otsika. Ku Maldives, pafupifupi 80 peresenti ya nthaka siposa mita imodzi pamwamba pa nyanja. Kukwera kwa madzi a m'nyanja ndi anamondwe amphamvu zimakakamiza omanga kukweza nthaka, kumanga zipupa zotchinga mafunde ndi kulimbitsa madenga, zomwe zimawonjezera mtengo wa ntchito ndi wa inshuwalansi. Nyumba yatsopano ya ku Bermuda, mwachitsanzo, inamangidwa pamalo okwezedwa kuposa yakale pofuna kuiteteza ku madzi osefukira nthawi ya namondwe. Ngongole za mabwalo zimatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti zibwezedwe, ndipo m'zaka zimenezo bwalo likawonongeka, dziko limayenera kubwerekanso ngongole yakale isanathe.